Kabokosi Kophethira ka a Lameck

Laputopu imeneyi ndinainyamula ndine kuchokera ku Lilongwe, ndiye ndikamainena musaganize kuti ndikuwonjezera. Inali yolemera ngati njerwa ziwiri, pakona pake pomatidwa ndi selotepi, mabatani ena atafufutika ndi zala za mwini wake. Mwini wakeyo ndi Mwandida, mnzanga wa ku Chilinde amene tinakhala naye desiki imodzi kuyambira Folomu Wani. Tsiku limene ndinkanyamuka kubwera kuno ku Sheffield kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, anandipanikizira chinthucho m'chikwama, pamwamba pa zitenje zanga.

"Ukawapatse bambo anga," anatero. "Pa foni sakuonanso bwino."

Bambo akewo ndi a Lameck. Anachoka ku Malawi Mwandida atangoyamba Sitandade Wani, pa zifukwa zimene iwo sakamba ndipo ine sindifunsa. Mapepala amene anawapatsa kuno amawalola kupita kulikonse kupatula kwawo. Mkazi wawo anamwalira iwo ali konkuno, maliro anamvera pa foni, mwana n'kukulira kwa mayi ake aang'ono. Amakhala okha ku Pitsmoor, m'kanyumba ka pamwamba, pachitunda choti ukatsika basi umafika pakhomo uli wefuwefu. Maso onse awiri ali ndi ng'ala ndipo akudikira tsiku lawo la opaleshoni. Ukawaonetsa chithunzi pa foni amachibweretsa pamphuno, n'kuchikankhira kutali, kenako amati, "Eya, wakula." Iwe n'kumaona kuti sanaone kanthu.

Pa laputopu ndiye ankaonako, chifukwa galasi lake ndi lalikulu. Mwandida anali ataikamo zithunzi zake, za kusukulu, za kutchalitchi, za tsiku limene analandira dipuloma. Miyezi yoyamba a Lameck ankangoyatsa, kuyang'ana zithunzizo, kuzimitsa, n'kuvundikira ndi kansalu koluka. Za intaneti analibe nazo ntchito. Zinthu zinasintha utabwera uthenga woti Mwandida wapeza mwamuna, mnyamata wa ku Ntcheu, ndipo chinkhoswe chidzachitika Loweruka lomaliza la mwezi. Msuweni wake wina analonjeza kudzagwira foni pabwalopo kuti bambo aonere zonse zikuchitika.

"Temwa," anatero a Lameck tsiku limenelo, "chithunzi sichiyenda. Ine chichokereni kwathu mwana wanga sindinamuone akuyenda. Ndikufuna ndidzamuone pachinthu chachikuluchi, osati pa kafoni kakoko."

"Musadandaule bambo, zimenezo n'zazing'ono," ndinayankha. Pakamwa pangapa pamandilowetsa m'mavuto.

Ndinayamba ndi njira yachidule. Ndinati ndigawireko laputopuyo intaneti ya pa foni yanga. Ndinatsegula apa, ndinatsegula apo, laputopu ili duu, osaona foni yanga ngakhale ndinaiika pamwamba pake penipeni. Ndinamuimbira Mwandida.

"Iii, ndinaiwala kukuuza!" anaseka. "Ka wayifayi kanafa kalekale. Wokonza makompyuta mumsika anangokachotsa. Ine ndinkagwiritsa ntchito kamodemu kolowetsa pambali. Taona m'kathumba ka chikwamacho."

Kamodemuko kanalimodi, kotalika ngati chala, koma kankamva simu khadi ya kwathu yokha. Ndinayesa kulowetsamo ya kuno, kanailavula. Choseketsa n'chakuti ukangoyatsa laputopuyo, pulogalamu ya kamodemuko inkadumphira patsogolo n'kumakuuza kuti ugule bandulo. Thupi linali ku Sheffield koma mtima wa makinawo unali ukadali ku Chilinde.

Ndinawauza a Lameck kuti tingopita ku laibulale, kuli makompyuta aulere. Anandiyang'ana ngati ndatukwana.

"Chinkhoswe cha mwana wanga ndikaonere pakati pa anthu owerenga nyuzipepala? Ndikafuna kulira ndikalire monong'ona?"

Za laibulale ndinazisiya. Tinaitanitsa intaneti ya m'nyumba.

Kabokosi ka intanetiyo kanabwera Lolemba la sabata ya chinkhoswe, koyera, kopanda mabatani ambiri. Nditachoka ku shifiti ndinakwera chitunda chija, n'kukalumikiza pakhoma monga chithunzi cha pakatoni chinkasonyezera. Kanyali kakang'ono kutsogolo kwake kanayamba kuphethira, mtundu wa lalanje. Malangizo ankati tsegulani tsamba lathu pa intaneti, mutenge pulogalamu yathu, ikuthandizani kulumikiza. Koma abale inu! Munthu alibe intaneti, inu mukumuuza kuti apite pa intaneti akatenge chomulowetsa pa intaneti? Zili ngati kukiya chitseko, kiyi n'kumusiya m'kati.

Mawa lake ndinadzera ku laibulale komwe kuja, ndinakoperako pulogalamuyo pa fulashi, n'kukwera nayo ku Pitsmoor. Laputopu inaganiza, inaganiza, kachokupizira mphepo ka m'kati kakulira ngati chigayo chakutali. Kenako inatulutsa uthenga woti pulogalamu imeneyi sigwirizana ndi makina anu, makina anu ndi akale.

"Asa!" ndinakuwa. "Akale? Nanga anthu akale safuna kuona ana awo?"

"Ikuti chiyani?" anafunsa a Lameck, atasendeza mpando.

"Ikuti ndinu okalamba."

"Sikunama," anatero. "Ifunse ngati ili ndi mawu ena."

Mutu umodzi susenza denga. Ndinaimbira a Hudson, bambo wina wa mpingo wathu amene amakonza makompyuta ku Manchester. Anandimvetsera ndikulalata mpaka ndinatopa.

"Mlongo, pulogalamu imeneyo isiyeni," anatero. "Anaipangira makina atsopano, ndipo ntchito yake n'kungokugwirani dzanja. Tayang'anani m'katonimo, muli chingwe chachikasu?"

Chinalimo, chokulungidwa bwinobwino. Ine ndinkayesa chapadera.

"Mbali ina lowetsani kumbuyo kwa kabokosiko, ina pambali pa laputopu. Pulogalamu ya modemuyo ikadumpha muziitseka. Basi. Nanga kanyali kakuoneka bwanji?"

"Kakuphethira. Kalalanje."

"Kakuyenera kukhala kobiriwira, osaphethira. Kakukambirana ndi kampani. Kapatseni nthawi."

Ndinakapatsa nthawi. Tinamwa tiyi, tinadya mabisiketi onse, kanyali kali phethiphethi. Nthawi yanga itakwana ndinatsanzika, ndili ndi chikhulupiriro kuti mawa ndipeza kobiriwira. Lachitatu ndinapeza kakuphethirabe, ngati kangoyamba kumene.

Apa m'pamene chinthuchi chinandilowa m'mutu. Ku ntchito ndinkamwetsa agogo ena phala uku ndikuganiza za kanyali. Kodi kakutsinzinira ndani? Kodi kumene kakuitanako kuli munthu, kapena ndi kabokosi kena kamene nakonso kakuphethira m'chipinda chamdima? Ndinayesa nzeru zonse za kwathu. Ndinakaika pawindo, monga timakwerera pachulu kufuna netiweki. Ndinauzira mpweya m'timabowo take. Chingwe chachikasu ndinachipukuta ndi chitenje, ndinachitembenuza, mbali ya ku laputopu n'kupita ku kabokosi. A Lameck ankanditsatira pambuyo, manja kumsana, mafunso osatha.

"Ndiye mwana wanga adzadutsa m'chingwe chimenechi?"

"Chithunzi chake, bambo."

"Kuchokera ku Chilinde adzera m'mwamba kapena pansi pa nyanja?"

"A Hudson akuti pansi pa nyanja pali zingwe."

"Zoona? Ndiye nsomba zidzayamba kumuona ine ndisanamuone." Anapukusa mutu, akumwetulira. "Nanga mawu ndi chithunzi amayenda limodzi, kapena china chimatsogola?"

Sindinadziwe. Mpaka lero sindidziwa bwinobwino. Koma ndinaona kuti mkuluyu amafunsa zonsezi kuti asafunse chimene chinali kumtima kwake. Anachitulutsa tsiku lomwelo ndikuvala jekete.

"Pa chinkhoswe amatulutsa atsikana atawafunda zitenje, eti? Akuchimuna aziloza wawo."

"Eya, amatero."

"Mnyamata wa ku Ntcheuyo adzamudziwa. Nanga ine, bambo wake?" Anayang'ana pansi. "Ndikuopa, Temwa. Ndikuopa kuti ndidzakhala ngati mlendo."

Mawu amenewo anandipweteka. Ndili mu basi ndinamuuza Mwandida pa foni. Iye anati, "Azakhali akonza kuti ndidzatuluke wachitatu. Udzawanong'oneze. Asadzachite manyazi."

Lachinayi, pa nthawi yopuma, ndinaimbira kampani ija. Ndinamvera nyimbo yawo mpaka tiyi wanga anazizira. Kenako anayankha mayi wina wachikulire amene ankanditchula kuti lavu, ndiye kuti wokondedwa, mawu alionse. Ine ndinali nditanola kale lilime. Ndinamuuza za pulogalamu yawo yosankha anthu, ndinamuuza za chinkhoswe, ndinamuuza kuti Loweruka likadutsa kabokosi kawo ndidzakaponya mumtsinje wa Don. Anandisiya ndimalize.

"N'zodabwitsa, lavu," anatero. "Kabokosi kanu ndikukaona pano, koma kamaoneka n'kusowa. Kamabwera madzulo kanthawi kochepa, kenako zii mpaka mawa lake. Katsopano kamafunika kakhale koyaka usana ndi usiku kuti katenge zinthu zake ndi kukhazikika. Kanuka kakangoyamba kamadukiza, ndiye mawa lake kamayambiranso poyamba."

Ndinamufunsa nthawi zimene kamaoneka. Atazitchula, tsitsi linandiimirira. Zinali nthawi zenizeni zimene ine ndinkakhala m'nyumbamo. Poyamba ndinaganiza zopusa, zoti mwina kabokosiko kamamva foni yanga. Kenako ndinakumbukira kuti tsiku lililonse ndikamafika a Lameck ankachedwa kutsegula chitseko, ndikumva phazi likupita uku ndi uku m'katimo.

Madzulo ake ndinapita monga mwa masiku onse. Ndinayang'ana kanyali, ndinadandaula, ndinamwa tiyi, ndinatsanzika. Sikafu yanga ndinaisiya dala pampando. Ndinatsika masitepe, ndinaima pansi kanthawi, n'kukweranso mwakachetechete. Chitseko anali asanakiye.

Ndinawapeza atagwada pakona. Swichi ya pakhoma anali atazimitsa kale, pulagi ili m'manja, ndipo kabokosi kanali katavundikiridwa ndi kansalu koluka, kofanana ndi ka pa laputopu.

"Bambo!"

Anadzidzimuka, pulagi n'kugwa. "Waiwala chiyani?"

"Mukuchita chiyani?"

"Ndikuzimitsa. Nanga si wapita?"

"Tsiku lililonse mwakhala mukuzimitsa?"

"Ukamagogoda ndimayatsa kuti upeze zili bwino." Ananena ngati munthu amene wandichitira ulemu waukulu.

Mayo ine! Sabata yonse ndakhala ndikukwera chitunda, ndatukwana mayi wosalakwa pa foni, ndauzira mpweya m'mabowo ngati wamisala, pamene mfiti yake ili pomwepa ikundiphikira tiyi. Ndinakhala pampando kuti ndisanene mawu oti ndidzalape. Nditayang'ana m'nyumbamo ndinaona zimene maso anga ankangodutsa masiku onse. Ketulo, wailesi, ayironi, nyali ya patebulo, zonse mapulagi ali pansi. Ndipo kunena zoona, kwathu ndani sachita zimenezi? Amayi anga mpaka lero akamva kuti magetsi azima amathamanga nyumba yonse kuzula mapulagi, chifukwa amadziwa kuti pobwera amabwera ndi ukali.

"Bambo, magetsi a kuno sali ngati a kwathu. Sawotcha zinthu."

"Ndakhala kuno zaka zambiri kuposa iwe, ndipo palibe changa chinapsapo."

"Mwaona!"

"Sichinapse chifukwa ndimazimitsa."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yawo sinali ya nthabwala. Anadzuka movutikira, n'kukhala moyang'anana nane.

"Mwandida anali atangoyamba kuimirira chogwira mipando," anatero. "Tinali ndi wailesi ya kaseti, ndinaigula ndi malipiro anga oyamba. Magetsi anazima masana, ine n'kuiwala kuzula. Ndinali panja, mayi ake ali kumpopi, mwana tamugoneka pamphasa m'chipinda. Magetsi atabwera wailesi inaphulika, katani n'kugwira moto. Chidutswa chinagwera pamphasa. Mayi ake ndi amene analowa mu utsimo. Mwana anapsa kuphazi kokha, Mulungu ndi wamkulu. Koma kulira kwake ndimakumvabe." Anapukuta m'maso ndi chala. "Chakudza sichiimba ng'oma, Temwa. Chichokereni tsiku limenelo sindisiya chinthu chikuyaka ine osachiyang'ana. Ndiye iwe ukuti ndigone, chinthu chikuphethira pakona?"

Mkwiyo wanga unathera pomwepo. Mwandida sanandiuzepo nkhani imeneyi, mwina naye saikumbuka. Koma Loweruka linali mkuja, ndipo chisoni sichikanayatsa kabokosi.

"Mukapitiriza kuzimitsa simudzamuona," ndinawauza mosabisa. "Si pulogalamu, si laputopu, si kampani. Ndi inuyo."

M'nyumbamo munali zii, kupatula kulira kwa chinthu china kukhitchini. Ndinatchera khutu.

"Nanga firiji? Firiji simuzimitsa bwanji?"

"Firiji ili ndi mlonda wake."

Ndinapita kukasuzumira kuseri kwa firiji. Ndinaseka mpaka misozi. Pakhomapo panali firiji gadi, kachipangizo kamene kwathu timaika pakati pa soketi ndi firiji kuti magetsi akabwera mwaukali kazidula. Kanali kachikasu ndi ukalamba. Anati munthu wina wa mpingo anawabweretsera kuchokera ku Limbe zaka zapitazo, iwo atachita kumupempha. Anthu amaitanitsa chambiko, amaitanitsa ufa, iwo anaitanitsa firiji gadi.

"Mlonda ameneyu mumamukhulupirira?"

"Sanandikhumudwitsepo."

"Ndiye akalondere kabokosi."

Anaganiza nthawi yaitali. Kenako anatsegula firiji, natulutsa mkaka, majarini ndi nkhuku yosaphika, n'kuziika m'mbale kunja kwa windo. Kunja kunkazizira kuposa m'firijimo. Firiji anaizimitsa, chifukwa yopanda mlonda sakanailola kugona ikuyaka. Kabokosi anakachotsa pafupi ndi katani, anakakhazika pa mbale yachitsulo pakati pa chipinda, ndipo tinakalumikiza kudzera mwa mlonda uja. Mlondayo amayamba wadikira asanalole magetsi kudutsa, ndiye tinaima tonse awiri tikuyang'ana mbale. Kenako kanyali kanayamba kuphethira.

"Kansalu ayi," ndinatero, nditaona dzanja lawo likupita m'thumba. "Kamafuna mpweya."

Lachisanu ndinali ndi shifiti yaitali. Ndinawaimbira masana, anati kakuphethirabe. Ndinawaimbira ndikuweruka, anati kakuphethirabe, koma mwina mofulumirirako. Mawu awo anali a munthu amene sanagone. Ndinawafunsa ngati anazimitsako ngakhale pang'ono.

"Dzanja linapita kangapo," anavomera. "Ndinalikhalira."

Loweruka ndinali nditasinthana shifiti ndi mnzanga wa ku Zambia. Ndinavala chitenje changa chabwino pansi pa chijasi n'kukwera basi ya m'mawa, mtima uli m'mwamba. Ndinali nditakonza kale zoti zikakanika tingoonera pa foni yanga, iwo azimva mawu ine ndiziwafotokozera. Maganizo amenewo ankandiwawa ngati dzino.

Sindinagogode n'komwe. Chitseko chinatseguka ndili pa sitepe yomaliza. A Lameck anali mu suti yakuda, tayi yofiira, nsapato zopolisha, maso ali psuu.

"Kasiya kuphethira," anatero monong'ona. "Kasanduka kobiriwira m'bandakucha. Kodi kafa?"

"Kadzuka, bambo!"

Ndinalowetsa chingwe chachikasu. Pulogalamu ya modemu inadumpha kufunsa za bandulo, ndinaitseka mosasamala. Ndinalemba linki imene msuweni uja anatumiza, chilembo chimodzichimodzi. Laputopu inadandaula kuti ndi yakale, inalira ngati chigayo, galasi linada. Kenako m'chipinda cha ku Pitsmoor munalowa nthungululu.

Pabwalo la ku Chilinde panali dzuwa loti ife tinaliiwala. Matenti awiri, mipando ya pulasitiki, azimayi atavala zitenje zofanana, wolengeza akukuwa pa maikolofoni ngati akukangana ndi munthu. A Lameck anasendeza mpando mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi. Anazindikira mtengo wa mango wa pakhomo pa mlamu wawo. Anazindikira mchimwene wawo, amene anali nkhoswe, ndipo anati, "Wakalamba chonchi uyu?" ngati iwo akadali mnyamata. Akuchimuna anafika ndi tambala, khasu ndi nkhwangwa, akuvina. Chithunzi chinkaima nthawi zina, anthu n'kuuma pakamwa pali yasa, ndipo a Lameck ankandigwira mkono mpaka chiyambenso kuyenda.

Kenako wolengeza anati akuchimuna akonzeke kuloza mbeta yawo. Ndinawerama kukhutu kwawo.

"Bambo, Mwandida anandiuza kuti adzatuluka—"

"Usandiuze."

"Koma iye anati—"

"Temwa, ndati usandiuze."

Mtsikana woyamba anatuluka m'nyumba atafundidwa chitenje kuchokera kumutu mpaka m'miyendo, azimayi awiri atamugwira uku ndi uku. Ankaoneka mapazi okha. A Lameck anangoyang'anitsitsa. Akuchimuna anazungulira, anakana, anthu anaseka, ndipo atamuvundukula anali kamtsikana ka sukulu kakudziluma chala.

Wachiwiri anatuluka. Asanafike n'komwe pakati pa bwalo, a Lameck anaimirira, mpando n'kugwa kumbuyo.

"Uyo. Mwana wanga ndi uyo."

Mtima wanga unagwa. Ndinadziwa kuti Mwandida ndi wachitatu. Ndinafuna kuwakoka jekete, kuwauza kuti adikire pang'ono, kuti maso awanamiza. Ndinaganiza za mmene nkhope yawo idzakhalire chitenjecho chikachoka n'kuoneka mwana wa eni ake. Ndinatsinzina. Sindinafune kuona.

Ndinamva nthungululu yoti laputopu inanjenjemera. Nditatsegula maso, chitenje chinali pansi ndipo Mwandida anali ataima pakati pa bwalo, akuseka, mnyamata wa ku Ntcheu akuvina mozungulira. Pambuyo pake ndinamva kuti azakhali anasintha ndondomeko pa nthawi yomaliza, atazindikira kuti akuchimuna auzidwa kale.

"Mwadziwa bwanji?" ndinafunsa. Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Saponda chidendene cha kumanzere," anatero, maso osachoka pagalasi. "Anaphunzira kuyenda bala lisanapole. Amaponda ndi zala, phazi n'kuliponyera kunja pang'ono."

Ine ndinayenda ndi Mwandida zaka zonse za kusekondale, kupita kumsika, kupita kukwaya, ndipo sindinaonepo zimenezo. Ndinalira, sindibisa.

Mwambo utapita patsogolo, tambala ndi thadzi atasinthana manja, msuweni uja anapita ndi foni pamene panakhala Mwandida. Nkhope yake inadzaza galasi lonse. Ataona bambo ake mu suti anagwira pakamwa, kenako anatsika pampando n'kugwada pafumbi ndi diresi lake latsopanolo.

"Bambo, mukundiona?"

A Lameck anawerama patsogolo. Anakhudza galasi ndi zala ziwiri. Ndinaganiza kuti anena mawu a malangizo, a banja ndi kupirira, monga amachitira makolo.

"Dzuka, mwana wanga," anatero. "Tayenda pang'ono. Ufike pa mango apo, ubwerere."

Mwandida sanamvetse, koma anadzuka. Anayenda mpaka pamtengo, anthu akumuyang'ana modabwa, anatembenuka n'kubwerera, akuseka uku akupukuta misozi. Tsopano nanenso ndinaliona phazi lija.

"Kachiwiri," anatero a Lameck.

Foni ya msuweni itatha moto ndi pamene tinatseka laputopu. Kunja kunali kutayamba kuda. A Lameck anavula jekete, anayamba ulendo wawo wa masiku onse. Anazula ketulo imene ndinaphikira tiyi, anazula laputopu n'kuivundikira. Atafika pa mbale yachitsulo pakati pa chipinda anaima, akuyang'ana kanyali kobiriwira.

"Chinkhoswe chatha, bambo," ndinatero. "Mlonda tim'bwezere ku firiji? Nkhuku ija pawindo iwonongeka."

Anawerama, dzanja linafika pa swichi. Linakhala pomwepo kanthawi. Kenako anaweramuka, kansalu koluka anakapinda n'kukabwezera m'thumba.

"Mwandida wati aimbanso mawa akachoka kutchalitchi," anatero. "Nkhukuyo ukadye ndiwe."